Felemu ya Alamu

"Felemu ndinayedzamitsa apa ili kuti?"

Afiriji anafunsa ali chiimire kuseri kwa nyumba, chikwama cha masipanala chikadali paphewa. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa cha ntchito yawo yokonza mafiriji, ndipo linawakanirira moti ngakhale mkazi wawo ankawaitana choncho. Khoma limene kwa zaka linkabisika ndi zitseko za mafiriji akufa ndi mapaipi adzimbiri linali mbee. Pansi panali posesa bwino, mizere ya tsache ikuoneka.

Mkazi wawo anatuluka m'khitchini akupukuta manja.

"Mwaona mmene payerera? Ogula zitsulo aja anabwera m'mawa ndi ngolo yawo. Akokolola zonse."

"Zonse?"

"Si ndinu munkati akadzabwera adzatenge chilichonse chili kukhomaku? Mpaka makutu anga anatopa nazo."

"Panali felemu ya njinga apa. Yobiriwira, yopanda matayala."

"Chigoba chosuluka chija? Chimenechotu ndawanyamulira ndekha mpaka pa..." Anayang'ana amuna awo, kenako khoma, kenako anagwira pakamwa. "Afiriji, musandiuze kuti ndi ya achimwene."

Afiriji anangotsitsa chikwama pansi.

Inalidi ya achimwene a mayiwo, alamu awo a Afiriji, amene anzawo okwera njinga ankawatcha a Chikweza. Analipo madoda angapo amene Loweruka lililonse ankakwera phiri la kuseri kwa tauni pa njinga zawo zakalekale za magiya, zachitsulo chenicheni, zolemera ngati chitseko cha ndende. Ana awo ankawaseka. Okwera njinga zamakono, zopepuka ngati pepala, ankawapitirira pamtunda akuimba mluzu, koma potsika madodawo ankapeza ena a iwo atakhala pamwala, akuyang'ana foloko yogwira tayala lakutsogolo itathyoka. Mwa njinga zonsezo, ya a Chikweza ndiyo inali nkhalamba. Anaigula asanakwatire, ndipo pa chitsulo chake chapamwamba panali chipsera chomwe mwala unasiya tsiku lina atagubuduzika nayo.

Ndiye a Chikweza anagwa pamakwerero akupenta nyumba ya eni, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atachitidwa opaleshoni anagona moyang'ana kukhoma, osadya, osafuna ngakhale kuyesa kuima. Dokotala ananena kuti fupa lilumikizana, koma zoyendanso zidalira mwini wake. Anawadzutsa ndi Afiriji, tsiku lomwe ananena mocheza kuti, "Ngati simudzuka, njinga ija ndikapatsa ana aziseweretsa." A Chikweza anatembenuka n'kuwalalatira wodi yonse ikumva, ndipo m'mawa mwake anapempha ndodo. Chiyambire pamenepo, nkhani yawo inali imodzi basi.

"Alamu, muimasule yonse, muitsuke, muipake girisi. Ndikatuluka muno ndikaipeze ikumwetulira."

Afiriji anaimasuladi. Matayala, foloko, tcheni, chishalo ndi mahandulo anazipachika m'shedi. Felemu anaitsuka ndi parafini n'kuiyedzamitsa kukhoma kuti iume. Kenako foni inalira kuti firiji ya kubutchala yasiya kuzizira, nyama ikuwonongeka. Anathamanga osauza munthu kanthu.

"Alowera kuti anthuwo?" anafunsa tsopano.

"Anati akukatula kumalo kwawo, kutsidya kwa njanji." Mayiwo anawagwira mkono. "Achimwene akamva zimenezi ayang'ananso kukhoma. Ndawapha ndine."

"Simunaphe munthu. Wolakwa ndine amene sindinanene. Koma musaimbire aliyense foni, mwamva?"

Anatulutsa njinga yawo yofiira. Nayonso inali ya kale, ya msinkhu umodzi ndi yobiriwira ija. Ndi imeneyi yomwe inawafikitsa koyamba pakhomo pa a Chikweza, tsiku lomwe anakabwereka pampu n'kupeza mlongo wawo akuchapa pabwalo. Anaikwera n'kupalasa ngati akuthawa moto.

Asanafike panjanji, foni inalira m'thumba. Anaima pambali pa msewu. Anali a Chikweza.

"Alamu! Mukupumira m'mwamba bwanji? Mwakwera phiri popanda ine?"

"Ayi, ndili pantchito."

"Lero ndayenda kuchoka pabedi mpaka pawindo. Ndekha! Wondiphunzitsa kuyenda uja mpaka anaombera m'manja. Nanga mkazi wanga wachiwiri ali bwanji? Mwamusambitsa?"

"Ndamusambitsa."

"Musamusiye padzuwa nthawi yaitali, amadana nalo. Mawa mubwere naye, ndidzamuonere pawindo."

"Mawa?"

"Mwagontha? Mawa. Ndauza kale anzanga a muwodi muno kuti adzaona njinga, osati zidole akwerazi."

Foni itaduka, Afiriji anaibweza m'thumba. Anakwera njinga n'kupitiriza.

Kumalo a zitsulo kunali phokoso loboola makutu. Amuna ena ankaphwanya migolo ndi nyundo zazikulu, wina ankadula chitseko cha galimoto ndi moto. Chakumapeto kunali makina amene ankameza zitsulo n'kuzilavula zitafinyidwa ngati njerwa. Afiriji atawaona makinawo, anafulumira kupita pasikelo.

Pasikelo panakhala mayi wonenepa, atavala magolovesi achikopa.

"Mayi, ngolo yomwe yachokera kwathu m'mawa, ya zitseko za mafiriji, yatulira pati?"

"Bambo, pano ngolo zimalowa ngati nyerere. Mwataya chiyani?"

"Felemu ya njinga. Yatengedwa molakwika."

"Aliyense amabwera ndi mawu amenewo. Dzana wina amafuna mpoto wa apongozi ake." Analoza mulu wotalika kuposa nyumba. "Zam'mawa zili apo. Zina zalowa kale m'makina. Mukadzicheka, ine sindinakuoneni."

Afiriji anayedzamitsa njinga yawo pampanda n'kukwera pamuluwo. Anapeza chitseko cha firiji chomwe anachizindikira, kenako china, kenako kompuresa yomwe anaimasula okha chaka chatha. Anazitembenuza zonse. Lata linawang'amba pachikhatho, koma sanamve kuwawa. Nthawi iliyonse makina aja akalira, ankatembenuka kuyang'ana njerwa yotulukayo, akusakasaka utoto wobiriwira. Pa njerwa ina anauonadi. Anatsika pamulu, anaiyandikira, n'kupeza kuti ndi wilibala.

"Mdala, mufera pamenepo," anatero mwamuna wina amene anali atakhala pangolo akumwa madzi. "Si inu a kunyumba ya mafiriji ija? Mayi anu ndi aufulu, mpaka anatithandiza kunyamula."

"Felemu ya njinga mwaiika pati?"

"Iyo sinafike kuno. Tikudutsa pa malo omwetsera mafuta, Sipoko uja anatithamangira ngati taba mwana wake. Anaitsitsa yekha pangolo."

"Sipoko ndiye ndani?"

"Wokonza njinga. Simungamusowe, pakamwa pake sipatsekeka."

Shedi ya Sipoko inali ya malata, matayala akale atapachikidwa mpaka kudenga. Afiriji anaiona felemu ija asanatsike n'komwe panjinga. Inali italendewera pachingwe, ili kale ndi foloko ina ndi matayala ena. Chipsera chija chinali pomwepo. Mtima wawo unakhala pansi, koma kanthawi kochepa chabe, chifukwa pabenchi panali mayi wina wovala yunifolomu ya unamwino ndi nsapato za fumbi, amene ankaiyang'ana felemuyo ngati mmene munthu amayang'anira chake.

"Pepani," anatero Afiriji. "Felemu iyi ndi yathu. Yachoka pakhomo molakwika."

Sipoko, mwamuna wowonda wa ndevu zaimvi, sanasiye kumanga buleki.

"Inali yanu m'mawa, akulu. Masana inali yanga. Panopa ndi ya anesiwa. Madzi akatayika sawoleka."

"Ndikubwezerani zonse zomwe mwalipira."

"Uzani eni ake. Ine ndangokhala mlatho."

Afiriji anatembenukira kwa namwino uja n'kufotokoza zonse, za makwerero, za opaleshoni, za munthu amene anayang'ana kukhoma. Mawu ankatuluka mosalongosoka. Mayiyo anamvetsera osawadula, maso ali pa dzanja lawo.

"Khalani apa kaye," anatero. "Mukudontha magazi."

Anatsegula chikwama, anatsuka balalo n'kulimanga. Akumanga choncho analoza ndi mutu kuseri kwa benchi. Kumeneko kunagona njinga yonyezimira, yolembedwa malemba akuluakulu, itathyoka pakati pafupi ndi mapedulo.

"Imeneyo ndinaigula yatsopano. Yandithyokera ndili pakati pa phiri, mankhwala ali kumsana. Ine ndimayendera odwala a kuseri kwa mapiri uko, kumene galimoto imakafika ikafuna yokha. Sipokoyu ndakhala ndikumuvutitsa kuti andipezere yachikale. Tamverani." Anaimirira n'kuigogoda felemu ija ndi chikhadabo. Inalira ngati belu laling'ono. "Mwamva? Chitsulo chimenecho. Ichi chikapindika chimaongoleka, chikang'aluka chimawotchereka. Izi zamasiku ano zikathyoka, basi maliro."

"Ndikudziwa," anatero Afiriji. "Ndi chifukwa chake mwini wake sangaiiwale."

"Bambo, sindine wouma mtima. Odwala ngati alamu anuwo ndimawadziwa, ndipo zimene mukuopazo si zabodza. Koma mawa kuli agogo ena akudikira jakisoni, kuli bambo wa bala la shuga lofunika kutsuka. Sabata ino ndayenda wapansi, ndipo ena sindinawafikire. Mukandibwezera ndalama, ndikwera ndalamazo? Zoterezi m'sitolo mulibe."

Afiriji anayang'ana Sipoko.

"Simungawapezere ina?"

"Ina? Akulu, inu mukuganiza kuti zimamera ngati bowa? Amene ali nazo amagona nazo kuchipinda, mkazi pabalaza. Iyi ndaiona pangolo mpaka ndinataya sipanala." Sipoko anapukuta manja n'kutuluka m'shedi. Anaizungulira njinga yofiira ija, anagwada, anayang'ana mowotcherera, n'kuimba mluzu. "Koma anthu ena Mulungu anawakondera. Taonani iyi, anesi. Mapasa enieni."

Namwino uja anayang'ana njingayo, kenako anayang'ana kumbali msanga, ngati munthu amene wagwidwa akusuzumira m'mbale ya mnzake.

"Imeneyo siili pamalonda," anatero Afiriji mwaukali.

"Ndani wanena za malonda? Ine ndangoyamikira. Kuyamikira mkazi wa mnzako si kumukwatira."

Foni inaliranso. Anali mkazi wawo.

"Mwaipeza?"

"Ndaipeza."

"Ambuye alemekezeke! Mukubwera nayo?"

"Ili ndi mwini wake wina."

Kenako mayiwo anati, "Akazi awo a achimwene angoimba kumene. Akuti lero adya mbale yonse, akungokamba za mawa. Ine ndangoti eya, eya. Afiriji, ndiwauza chiyani?"

"Musawauze kanthu. Ndikubwera."

Anaika foni m'thumba n'kuima pafupi ndi njinga yawo. Anagwira chishalo chomwe chinali chitatenga kale maonekedwe a thupi lawo. Mphira wa pamahandulo unali utaperepeseka ndendende pomwe zala zawo zinkagwira. Anaganiza zopita kupolisi, koma akanena kuti waba ndani? Anaganiza zokauza a Chikweza kuti felemu yapita kowotcherera, koma bodza lotero likanatha masiku angati? Munthu wake ndi uja wofuna kuona ndi maso.

"Anesi," anatero osatembenuka, "tayesani kukwera iyi."

"Bambo, sindinapemphe."

"Ndikudziwa. Tayesani."

Sipoko anatsitsa chishalo pang'ono. Mayiyo anakwera, anadutsa pa malo omwetsera mafuta, n'kulunjika kamsewu kokwera ka miyala kuseri kwake. Afiriji anamuona akusintha giya nthawi yake yeniyeni, asanafike pamtunda, osadikira kuti miyendo ilemedwe. Potsika sanakanirire mabuleki, anaimirira pamapedulo n'kuilola njinga kudzisankhira njira. Zimenezi zinawapweteka Afiriji, komanso zinawakhazika mtima pansi.

Anabwerera akupuma mofulumira, nkhope ikuwala, koma anayesetsa kubisa.

"Ili bwino," anatero motsitsa mawu.

"Tengani imeneyo. Mundipatse ya alamu."

"Koma yanuyi ndi yathunthu. Ine ndagula chigoba chokha."

"Ndiye ndiivule matayala, mawa mukayenda bwanji? Tengani." Analoza magiya. "Giya yachitatu imadumpha mukaipondereza kwambiri, muziinyengerera. Musamaitsuke ndi madzi a mphamvu aja otsukira galimoto, amachotsa girisi. Ndipo mvula ikagwa, buleki yakutsogolo imalira. Si matenda, ndi khalidwe lake."

"Mukulankhula ngati mukupereka mwana ku ukwati," anatero Sipoko, koma nayenso sanaseke. Anayamba kumasula matayala ndi foloko pa felemu yobiriwira ija.

Namwino uja anagwira mahandulo ndi manja awiri.

"Ndikaipeza ina, iyi ndidzakubwezerani."

"Mwamva kale kuti sizimera ngati bowa," anatero Afiriji. "Muziisamala basi."

Anabwerera kunyumba wapansi, felemu ili paphewa. Oyendetsa minibasi ankawakuwiza kuti, "Mdala, matayala mwadya?" Iwo sanatembenuke. Mkazi wawo anawaona ali patali n'kuthamangira kugeti. Anaigwira felemuyo ngati akugwira mwana wotayika, kenako anayang'ana kumbuyo kwa amuna awo.

"Nanga yanu?"

"Yapita kukagwira ntchito."

Mayiwo anamvetsa. Anafuna kulankhula, koma Afiriji anapukusa mutu.

"Tandigwirirani apa, ndilowetse foloko kusanade."

Anagwira. Aka kanali koyamba m'banja lawo lonse kuti mayiwo adetse manja ndi girisi.

Tsiku lotsatira, nthawi yoona odwala itakwana, Afiriji anaimika njinga yobiriwira pansi pa windo la wodi. Pawindopo panali kale mitu ingapo, pakati pawo a Chikweza atatsamira ndodo zawo ziwiri.

"Imeneyo!" anafuula. "Mwaiona? Ili ndi zaka zambiri kuposa dokotala wathu! Alamu, tazunguzani tayala lakumbuyo ndimve."

Afiriji ananyamula njinga n'kuzunguza tayala. Linalira bwinobwino, tiki-tiki-tiki, mosadukiza. A Chikweza anatseka maso akumvetsera.

Afiriji atalowa mkati, anapeza alamu awo atakhala m'mphepete mwa bedi, thukuta lili pamphumi koma akumwetulira.

"Mwagwira ntchito, alamu. Koma dzanjalo mwatani? Ndipo bwanji mwakwera yanga, osaikokera pambali muli pa yanu? Yofiira ikudwala?"

Afiriji anali atakonza yankho njira yonse, loti tcheni chaduka. Koma atayang'ana nkhope ya munthu amene anakwera naye mapiri zaka zonsezo, anaona kuti sizitheka. Loweruka likubwerali madoda onse adzafunsa funso lomwelo. Anakhala pampando n'kunena zonse, kuyambira pakhoma mpaka pa shedi ya Sipoko.

A Chikweza sanawadule. Kumwetulira kuja kunazimiririka. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, ndipo Afiriji anayamba kuopa kuti munthu uja agona n'kutembenukira kukhoma.

"Mlongo wanga anainyamula yekha kukaika pangolo?" anafunsa potsiriza.

"Sankadziwa."

"Uja chibadwire sasiyanitsa njinga ndi bedi." Anapumira m'mwamba. "Ndiye inu mwapereka yofiira. Ndi chishalo chomwe?"

"Ndi chishalo chomwe."

"Chitsiru cha munthu." Anayang'ana kuwindo kuti asaonedwe m'maso. "Namwinoyo amaitha njinga?"

"Amasintha giya asanafike pamtunda. Potsika amaimirira."

"Basi, siikavutika." Anawagunda Afiriji pabondo ndi ndodo. "Tamverani. Njinga yongokhala imadwala kuposa yoyenda. Loweruka mukwere yangayo, mupite nawo anzathu. Muziikwera mpaka nditatuluka."

"Nanga mukatuluka?"

"Ndikatuluka tidzakangana. Nkhani imeneyo ndi ya anthu awiri oimirira." Anakoka ndodo zawo n'kuzikhazika pansi mwamphamvu. "Tandigwirani mkono. Ndikufuna ndifike pakhomo paja ndikaione pafupi, mwina mwandimangira mabuleki mopotoka."

Afiriji anawagwira mkono. A Chikweza anaimirira akuluma mano, ndipo awiriwo anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo.